Kukonza nyumba yakale popanda kuinamizira

Tikamva kuti nyumba ya mbiri yakale yawonongeka, maganizo athu amathamangira ku moto, nkhondo, chivomezi kapena anthu ogwetsa zipupa kuti amangepo zatsopano. Adani amenewa alipodi, koma pali wina amene satchulidwa kawirikawiri chifukwa amabwera ndi mtima wabwino, ndalama zokwanira ndiponso chilolezo cha akuluakulu. Ameneyu ndi wokonza. Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti mabala ambiri amene ali pa nyumba ndi zipilala zakale anasiyidwa ndi anthu amene ankazikonda, amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuzipulumutsa. N'chifukwa chake ntchito yosamala nyumba zotere ili ndi mfundo zake, ndipo zambiri mwa mfundozo ndi zoletsa dzanja la wokonza kuti lisapitirire malire.

Taganizirani khoma la njerwa zakale zofewa, zomangidwa ndi matope a laimu ndi mchenga. Laimu ndi wofewa kuposa njerwa, amalola chinyontho kutulukira m'mizere ya pakati pa njerwazo, ndipo khoma likasuntha pang'ono chifukwa cha kutentha ndi kuzizira, mizereyo ndiyo imagonja. Pakapita zaka mizere imadyeka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza kudzazanso mzere n'kosavuta kusiyana ndi kuzula njerwa. Tsono amabwera mmisiri amene anazolowera simenti, n'kukolopola laimu yense, n'kudzaza mizere ndi simenti yolimba. Chaka choyamba aliyense amayamikira. Koma madzi amene amakwera kuchokera pansi atanyamula mchere wa m'nthaka sapezanso potulukira, motero amadutsa m'njerwa zenizenizo, ndipo mcherewo ukauma umasuwa nkhope ya njerwa pang'onopang'ono. Mukayandikira khoma lotere patapita nthawi mumaona mizere ya simenti itatsala yokha ngati ukonde, njerwa zapakati pake zitakumbika, ndipo mukangozikhudza ndi chala zimayoyoka fumbi lofiira. Chopweteka china n'chakuti simentiyo sichoka mwamtendere, imachoka ndi m'mphepete mwa njerwa.

Zoterezi sizichitika kwa amisiri ang'onoang'ono okha. Pa phiri la Acropolis ku Athens, katswiri Nikolaos Balanos anatsogolera ntchito yoimikanso mizati ndi miyala imene inagwa, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'zaka za m'ma 1930. Polumikiza miyalayo anagwiritsa ntchito zitsulo. Agiriki akale nawonso ankalumikiza miyala ndi zitsulo, koma iwo ankazikuta ndi mtovu wosungunula kuti madzi ndi mpweya zisazifike. Zitsulo za Balanos zinalibe chitetezo chokwanira, choncho zinachita dzimbiri, ndipo popeza chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, zinang'amba kuchokera mkati miyala imene inapirira zaka zoposa 2,000. Miyala ina anaiika pamalo amene sanali ake. Kuyambira mu 1975 dziko la Greece lakhala likuphwasula ntchito imeneyi mwala ndi mwala, kuzula zitsulozo n'kuikamo za titaniyamu zimene sizichita dzimbiri. Apa ndi pamene pagona mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaulemu kwambiri mwa zonse: chilichonse chimene tawonjezera chizitheka kuchotsedwa popanda kuvulaza chakale. Munthu wotsatira mfundo imeneyi amavomereza kuti nzeru za m'badwo wake sizomaliza, ndipo amasiyira mpata ana ake kuti adzakonze zimene iye sanazione.

Mkangano wa mmene nyumba yakale iyenera kukonzedwera unakula kwambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Ku France kunali Eugène Viollet-le-Duc, katswiri wodziwa kwambiri kamangidwe ka matchalitchi akale, amene ankaphunzitsa kuti kukonzanso nyumba ndiko kuifikitsa pa ungwiro wake wonse, ngakhale ungwirowo utakhala kuti sunaonekepo pa nthawi ina iliyonse ya moyo wa nyumbayo. Ku Carcassonne, mzinda wakale wa kumwera kwa France, anamanganso malinga ndi nsanja, n'kuziveka madenga osongoka amene ambiri anati ndi a kumpoto kwa dzikolo osati a kumwera. Ku England John Ruskin analemba mu 1849 kuti kukonzanso kotereku ndi chiwonongeko choposa china chilichonse, popeza kumawononga chinthu kenako n'kunama za chinthu chowonongedwacho. William Morris ndi anzake anakhazikitsa bungwe loteteza nyumba zakale la Society for the Protection of Ancient Buildings mu 1877 atatopa kuona makoma a matchalitchi akupalidwa kuti aoneke atsopano, ndipo uthenga wawo unali wakuti kuwola kwa nyumba kumaletsedwa ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, kuchirikiza khoma lopendekeka ndi kutseka denga lodontha.

Mtima wanga uli kwa Morris, koma sindingakane kuti popanda Viollet-le-Duc nyumba zina zikanagweratu. Ndiponso nthawi ili ndi kachitidwe kake. Nsanja yosongoka ya tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris imene inagwa pa moto wa pa 15 Epulo 2019 sinali ya amisiri oyamba, inali ya Viollet-le-Duc, yomangidwa cha m'ma 1859. Itapsa panali maganizo oti pamangidwe nsanja yamakono, koma pamapeto pake anaimanganso monga mmene iye anaijambulira, ndi mitengo ndi mtovu, ndipo tchalitchicho chinatsegulidwanso mu Disembala 2024. Chimene chinali chowonjezera cha munthu mmodzi chinali chitasanduka mbali ya mbiri ya nyumbayo, ndipo anthu anachilira monga cholowa chawo.

Mu 1964 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku Venice n'kugwirizana chikalata chimene mpaka lero ndi maziko a ntchitoyi, ndipo chaka chotsatira bungwe la akatswiri osamala nyumba ndi malo akale padziko lonse la ICOMOS linakhazikitsidwa. Mfundo imodzi ya m'chikalatacho imati kukonzanso kuzilekezera pamene kungoganizira kwayambira. Ngati umboni ulipo wosonyeza mmene zenera linalili, libwezeretseni. Ngati palibe, musapeke. Ku Knossos pa chilumba cha Crete ku Greece, Arthur Evans, amene anayamba kufukula malowo mu 1900, anamanganso zigawo za nyumba yachifumu ndi konkire m'zaka za m'ma 1920, anaimika mizati yopakidwa utoto wofiira, ndipo zithunzi za m'makoma zinajambulidwanso kuchokera pa tizidutswa tochepa. Mlendo wofika pamalopo amachita chidwi, koma amavutika kwambiri kusiyanitsa zimene anthu akale anasiya ndi zimene Evans ankaganiza, ndipo ambiri amabwerera kwawo atanyamula maganizo a Evans poyesa kuti anyamula mbiri.

Chikalata chomwecho chimati chatsopano chizigwirizana ndi chakale koma chizidziwika kuti n'chatsopano. Kuchita zimenezi bwino kumafuna luso, chifukwa chigamba chokuwa chimasokoneza maso ndipo chigamba chobisika chimanama. Chipata cha Titus ku Rome chinakonzedwa cha m'ma 1820 ndi Giuseppe Valadier, amene anagwiritsa ntchito mwala wa mtundu wina pa zigawo zosowa ndipo mizati yatsopano anaisiya yosalala, yopanda mizere yosema. Muli patali mumaona chipata chathunthu, mukayandikira mumadziwa pamene dzanja lakale lathera. Ku Dresden m'dziko la Germany, tchalitchi cha Frauenkirche chinagwa pa nkhondo mu Febuluwale 1945 ndipo chinakhala bwinja kwa zaka pafupifupi 50. Pochimanganso, ntchito imene inatha mu 2005, miyala yakale imene inapulumuka anaibwezera m'makoma, ndipo imaoneka yakuda pakati pa miyala yatsopano yoyererako. Khoma lokhalo limafotokoza zimene zinachitika popanda wina kuyankhula.

Pali mfundo ina imene imaiwalika msanga munthu akagwidwa ndi changu, yakuti zimene mibadwo yonse inawonjezera pa nyumba ziyenera kulemekezedwa. Nyumba imene yakhala zaka mazana ambiri imakhala ndi khomo lotsekedwa, chipinda chowonjezera, utoto pamwamba pa utoto, ndipo chilichonse ndi umboni wa anthu amene anakhalamo. Wokonza amene wasankha chaka chimodzi kuti ndicho chenicheni, n'kuchotsa zonse zobwera pambuyo pake, amakhala akuweruza kuti miyoyo ina inalibe kanthu. Chitsanzo chowawa ndi cha Great Zimbabwe, malinga akale a miyala a m'dziko la Zimbabwe. Richard Nicklin Hall, amene anapatsidwa udindo wosamala malowo mu 1902, ankakhulupirira kuti malinga amenewo anamangidwa ndi alendo ochokera kutali, motero anakumba ndi kutaya dothi lochuluka la mkati mwa malingawo, pamodzi ndi mapale ndi zotsala zina za anthu akuda, poziyesa zinyalala zobisa mbiri yeniyeni. Zimene anatayazo ndizo zinali mbiri yeniyeniyo. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuti omanga anali Aafirika, koma dothi lotayidwa silibwerera m'malo mwake. Ndikaganizira nkhaniyi ndimaona kuti chida choopsa kwambiri pa malo akale ndi nkhani imene wokonza wabwera nayo kale m'mutu mwake.

Komabe chikalata cha ku Venice chinalembedwa ndi anthu amene ambiri mwa iwo ankaganizira nyumba za miyala, ndipo funso lawo lalikulu linali lakuti kodi mwala uwu ndi womwe uja. Nanga nyumba za mitengo, za dothi ndi za udzu, zimene sizingakhale zaka mazana popanda kusinthidwa ziwalo? Ku Ise m'dziko la Japan, kachisi wamkulu wa chipembedzo cha Shinto amamangidwanso zaka 20 zilizonse pa malo oyandikana ndi akale, ndipo mu 2013 anachita zimenezi kachi 62. Mitengo ndi yatsopano, koma kamangidwe, zida, miyambo ndi luso zadutsa m'manja mwa amisiri kwa zaka zoposa 1,300. Msonkhano wa akatswiri wa ku Nara, ku Japan komweko, mu 1994 unavomereza kuti kudalirika kwa cholowa sikuyezedwa ndi zomangira zokha, ndipo kuti chikhalidwe chilichonse chiyenera kumvedwa malinga ndi mmene eni ake amaonera mtengo wa chinthucho.

Mzikiti waukulu wa ku Djenné m'dziko la Mali umaphunzitsa zimenezi momveka bwino. Nyumba imene ilipo lero inamangidwa mu 1907 ndi njerwa zadothi zouma ndi dzuwa, ndipo mvula ya chaka chilichonse imakokolola khungu lake. Choncho anthu a mumzindawo amasonkhana kudzaumata. Dothi limakonzedwa masiku angapo tsikulo lisanafike, ena amatunga madzi, ena amasenza matope m'madengu, ndipo achinyamata amakwera pa mitengo ya kanjedza imene inazikidwa m'makoma n'kutulukira kunja, n'kumamata ndi manja moyang'aniridwa ndi amisiri akuluakulu. Munthu amene angakute mzikiti umenewu ndi simenti kuti anthu apumule angawononge zinthu ziwiri pa kamodzi, khoma limene lingawolere mkati ndiponso tsiku limene limalumikiza mzinda ndi nyumba yake. Ku Kampala, manda a mafumu a Buganda a ku Kasubi, nyumba yaikulu ya mitengo, bango ndi udzu mmene munagonekedwa mafumu anayi, anapsa pa 16 Malichi 2010. Kuwamanganso kunatenga zaka zambiri, ndipo ntchitoyo inadalira anthu odziwa kufolera ndi kuluka monga mwa mwambo wa kumeneko, mpaka mu 2023 pamene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawachotsa pa mndandanda wa malo amene ali pangozi. Pa nyumba zotere, kusunga mmisiri ndi wophunzira wake ndiko kusunga nyumbayo.

Ndiyenera kuchenjeza pano, chifukwa mfundo ya ku Nara imatha kugwiritsidwa ntchito molakwika. Munthu wofuna kugwetsa nyumba yakale kuti amange yofanana nayo ndi konkire akhoza kunena kuti mzimu wa malowo ukhalapobe. Koma ku Ise ndi ku Djenné kumanganso ndi mwambo umene eni ake anaulandira kwa makolo awo, wochitika ndi zomangira zomwezo ndi luso lomwelo. Pamene mwambo wotere palibe, thabwa lakale, njerwa yakale ndi msomali wosulidwa ndi manja zimakhalabe mboni zimene sizingapangidwenso.

Funso lovuta kwambiri kwa ine ndi la nyumba zimene zagwetsedwa mwadala pofuna kufafaniza anthu. Mzinda wakale wa Warsaw unaphwasulidwa mu 1944, ndipo gawo loposa 85 pa 100 alionse linasanduka bwinja. Anthu a ku Poland anaumanganso pogwiritsa ntchito mapulani, zithunzi ndiponso zojambula za Bernardo Bellotto za m'zaka za m'ma 1700, ndipo mu 1980 UNESCO inaulandira pa mndandanda wake wa malo a cholowa cha dziko lonse ikudziwa bwino kuti ndi womangidwanso. Mlatho wa mu 1566 wa ku Mostar m'dziko la Bosnia unagwetsedwa ndi mizinga mu Novembala 1993 ndipo unatsegulidwanso mu 2004. Ku Timbuktu m'dziko la Mali manda a anthu oyera mtima anagumulidwa mu 2012, amisiri a mumzindawo anawamanganso pofika mu 2015, ndipo mu 2016 khoti la dziko lonse la International Criminal Court linalamula Ahmad al-Faqi al-Mahdi kukhala m'ndende zaka 9 chifukwa cha chiwonongekocho. Wotsatira Ruskin mouma mtima anganene kuti zonsezi ndi zifaniziro chabe. Ine sindingayime pamaso pa anthu amene mzinda wawo unafafanizidwa n'kuwauza kuti bwinja ndilo loyenera iwo. Ndimavomereza kumanganso kotere ngati eni malo ndiwo akufuna, ngati umboni wa mmene chinthucho chinalili ndi wokwanira, ndiponso ngati palibe amene akubisa kuti chinagwa n'kumangidwanso. Ku Bamiyan m'dziko la Afghanistan, kumene ziboliboli zikuluzikulu za Buddha zinaphulitsidwa mu 2001, mapanga ake akadali opanda kanthu, ndipo pali akatswiri amene amati kupanda kanthuko nakonso ndi umboni woyenera kusungidwa.

Si nyumba zonse zakale zimene zimasungidwa chifukwa cha kukongola. Linga la Elmina ku Ghana, limene Apwitikizi anamanga mu 1482, lili ndi zipinda zamdima mmene anthu ogwidwa ukapolo ankatsekeredwa asanakwezedwe m'zombo. Ku Auschwitz-Birkenau, ndende ya chipani cha Nazi ya ku Poland, nyumba zopherako anthu zimene asilikali a Nazi anaphulitsa pothawa zikusungidwa monga mabwinja, zochirikizidwa kuti zisapitirire kugumuka koma osamangidwanso. Pa malo otere, kukongoletsa ndi mtundu wina wa bodza. Utoto wowala, magetsi okoma ndi fungo labwino zikhoza kufewetsa zimene siziyenera kufewetsedwa, ndipo ana a anthu amene anazunzikira pamenepo ayenera kufunsidwa wokonza asanatsegule chitini cha utoto.

Kufunsa anthu kumeneku ndi kumene chikalata cha Burra cha ku Australia, cha mu 1979, chinakuika patsogolo. Chimati wokonza ayambe wamvetsa chifukwa chimene malowo alili ofunika ndiponso kwa yani, kenako achite zonse zofunika koma asinthe zochepa monga mmene angathere. Ndimakonda dongosolo limeneli chifukwa limakumbukira kuti m'nyumba zambiri zakale mukukhala anthu amoyo. Banja lokhala m'mzinda wotetezedwa limafuna madzi, chimbudzi chabwino, magetsi ndi khomo loti wolumala alowere, ndipo si chilungamo kuliuza kuti lipirire umphawi kuti alendo ajambule zithunzi zokongola. Malamulo akauma kwambiri eni nyumba amasamuka, ndipo nyumba yopanda anthu imagwa msanga kuposa ina iliyonse, popeza palibe woona dontho loyamba. Kulowetsa mapaipi ndi mawaya mosamala, modutsa m'malo amene sawononga zakale, ndi mbali ya kusunga nyumbayo. Chimene ndimakana ndi kusiya khoma lakumaso lokha, n'kugumula zonse za kumbuyo kwake, kenako n'kumanena kuti nyumbayo yasungidwa.

Ntchito imene imapulumutsa nyumba zambiri ilibe ulemerero uliwonse. Ndiyo kuchotsa masamba m'ngalande za madzi a padenga mvula isanayambe, kubwezeretsa chofolera chimene chasuntha, kuzula kamtengo kamene kamera mumng'alu mizu yake isanakule, kuyang'ana njira za chiswe m'mitanda, ndi kuonetsetsa kuti madzi sakudikha m'munsi mwa khoma. Vuto n'lakuti ndalama zimapezeka mosavuta pa ntchito yaikulu imene idzathere pa mwambo wotsegulira, pamene malipiro a munthu woyendera denga kawiri pa chaka sakopa aliyense. Motero nyumba imasiyidwa mpaka itadwalitsitsa, kenako imachitidwa opaleshoni yaikulu imene imachotsa zambiri zakale zimene zikanapulumuka. Ndikanakhala ndi mphamvu pa thumba lililonse lothandiza malo akale, sindikanalola ntchito yaikulu kuyamba popanda kusonyeza amene adzasamale nyumbayo zaka zotsatira ndi kumene malipiro ake adzachokere.

Pamodzi ndi chisamaliro chimenechi pamafunika kulemba. Wokonza ajambule nyumbayo asanaikhudze, alembe chimene wachotsa, chimene waikapo, kasakanizidwe ka matope ake, ngakhalenso malo amene anakayikira n'kusankha njira imodzi mwa ziwiri, ndipo zolembazo zisungidwe kumene ena angazipeze, osati m'nyumba yomweyo yokha. Andrew Tallon, katswiri wa mbiri ya zomangamanga, anayeza tchalitchi cha Notre-Dame ndi makina oyezera a kuwala kotchedwa laser n'kusunga miyeso ya makoma, mizati ndi denga lamkati mwatsatanetsatane. Iye anamwalira mu 2018, miyezi yochepa moto usanabuke, ndipo miyeso yakeyo inali m'gulu la umboni umene akatswiri anali nawo pofuna kudziwa mmene nyumbayo inaimira moto usanaikhudze.